Kayendetsedwe ka boti m'ngalande za ku Britain: malangizo kwa odzipereka ndi olembedwa ntchito

Ngalande za ku England ndi Wales zinakumbidwa ndi manja m'zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1800 kuti muzidutsa malasha, zitsulo, mchere ndi zoumbaumba. Ya Bridgewater, imene inatsegulidwa mu 1761, inkanyamula malasha kuchokera ku Worsley kupita ku Manchester. Katunduyo anasamukira pa njanji ndi pa msewu kalekale, koma madzi akadalipo, makilomita oposa 3,000, ndipo kuyambira mu 2012 ambiri mwa madziwa akusamalidwa ndi bungwe la Canal & River Trust, lomwe linalowa m'malo mwa British Waterways. Lero mumayenda mabanja obwereka boti sabata imodzi, anthu okhala m'boti chaka chonse, ogulitsa malasha ndi dizilo, maboti onyamula alendo olipira, komanso maboti a mabungwe achifundo amene mavolontiya amatengera okalamba, ana asukulu ndi anthu aulumali kukapitidwa mphepo.

Ngati mukukhala ku Birmingham, Leeds, Manchester kapena Nottingham, ngalande muli nayo pafupi, ndipo mabungwe oterewa amafuna anthu owathandiza. Malangizowa ndi a inu amene mukuganiza zolowa m'gulu lotere, kaya modzipereka kaya mwaganyu. Ine sindisiyanitsa awiriwa. Boti la matani 15 likagunda chitseko cha lock (chipinda chokwezera kapena kutsitsira maboti ndi madzi), chimaphwanyika chimodzimodzi kaya amene ali pa tsigiro amalandira malipiro kapena ayi. Ndipo zimene anthu amazitcha ulemu wa pa ngalande, mukaziyang'anitsitsa, pafupifupi zonse ndi njira zopewera ngozi ndi kusunga madzi.

Mapepala

Boti lonyamula okwera opitirira 12 limafuna woyendetsa wokhala ndi Boatmasters' Licence, chiphaso chochokera ku bungwe la boma la Maritime and Coastguard Agency. Maboti ambiri a mabungwe achifundo amalekeza pa 12, ndipo oyendetsa ake amaphunzira kudzera ku National Community Boats Association, kapena amachita kosi ya Inland Waterways Helmsman ya Royal Yachting Association, imene imatenga tsiku limodzi kapena awiri. Funsani kaye bungwe lanu kuti likufuna pepala liti musanataye ndalama.

Wobwereka boti la tchuthi samufunsa chiphaso. Amamuonetsa zoyambira kwa kanthawi n'kumupatsa kiyi. Ndiye amene watulukira pa kona kutsogolo kwanuyo mwina tsigiro waligwira koyamba m'mawa womwewo. Muzimusiyira malo okwanira kuti akasokonezeka pasaphwanyike kanthu.

Musanamasule chingwe

Injini isanalire, onani oyilo, madzi oziziritsa ndi dizilo, ndipo suzumirani pansi pake ngati mwalowa madzi. Kumbuyo kwa boti, pamwamba penipeni pa pulopela, pali kabokosi kachitsulo kotchedwa weed hatch, kamene mumatsegula pochotsa mapulasitiki, zingwe ndi udzu zikakulungika. Musapise dzanja mmenemo injini ikulira, ndipo mukazimitsa, kiyi muike m'thumba mwanu kuti mnzanu asailize mkono wanu uli m'madzi. Mukatseka, mangani chivindikiro zolimba, lowetsani giya pang'ono, muone ngati sipakudontha. Chivindikiro chikakhala chosamangika, pulopela imaponyera madzi m'kati mwa boti inu osadziwa, ndipo maboti amamira nazo zimenezi.

Boti limayenera kukhala ndi chiphaso cha Boat Safety Scheme, chomwe chimatha zaka 4 zilizonse, ndipo kuyambira mu Epulo 2019 boti lokhala ndi chipinda limayenera kukhala ndi alamu ya mpweya wakupha wa carbon monoxide. Dinani batani lake mumve kuti ikulira. Dziwani pamene pali zozimitsira moto ndi potsekera gasi.

Kenako gulu lonse likhale pansi, mugwirizane kuti mtsogoleri wa ulendo ndani, ndipo akhale mmodzi. M'magulu a mavolontiya pamakhala anthu akuluakulu okhaokha, wina anali mphunzitsi wamkulu, wina wayendetsa malole moyo wake wonse, aliyense anazolowera kumveredwa. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi. Woyendetsa akamva mawu awiri osiyana, wina akuti pitani wina akuti bwererani, amaima mutu pa nthawi imene sayenera kutero. Pomwepo mugwirizanenso zizindikiro za manja, chifukwa injini ikamalira ndi madzi akamasefukira, mawu samveka kuchokera kumbuyo kukafika kutsogolo. Pa lock, chala chachikulu m'mwamba ndiye kuti tsegulani madzi. Dzanja lotsitsidwa pansi ndiye kuti tsekani. Hutala yolira mosalekeza ndiye kuti tsekani zonse pompano, mafunso pambuyo.

Okwera muwawerenge pokwera ndi potsika. Auzeni mwachidule kuti manja, miyendo ndi mitu zikhale m'kati mwa boti, makamaka pa mlatho ndi m'lock, ndi kuti boti likamakagunda khoma asayese kulitchinga ndi dzanja kapena phazi. Utoto akapakanso, koma fupa likapanikizika pakati pa chitsulo ndi njerwa limaphwanyika. Ana, osatha kusambira, ndi aliyense wogwira ntchito pa lock avale jekete yoyandamitsa, yomanga bwino. Woyendetsa asamwe mowa.

Pamadzi

Boti la m'ngalande zopapatiza, lotchedwa narrowboat, ndi lamamita 2.08 m'lifupi, ndipo lalitali kwambiri limafika pafupifupi mamita 22. Mukakankhira mkono wa tsigiro kumanzere, mutu wa boti umapita kumanja. Limazungulira cha pakati, choncho mutu ukamapita kumanja, kumbuyo kukuponyedwa kumanzere, ndipo ophunzira ambiri amayang'ana kutsogolo kokha kumbuyo kukukhula khoma. Mabuleki palibe, mumaimika ndi rivesi, ndipo limatenga kamtunda kuti liime. Tsigiro limamva pokhapokha pulopela ikukankha madzi: mukachotsa giya, mphamvu yokhota imachepa, ndipo pa rivesi silimva kwenikweni. Pobwerera m'mbuyo, muziwongola ndi kamoto kakang'ono ka kutsogolo kenako n'kubwereranso pa rivesi.

Imani kutsogolo kwa mkono wa tsigiro, kumene sungakufikeni ukazungulira. Tsigiro likagunda chinthu pansi pa madzi, makamaka pa rivesi, mkonowo umabwera mwamphamvu n'kugwetsera munthu m'madzi pafupi ndi pulopela.

Ponyamuka, yang'anani kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati boti lina latsala pang'ono kufika, lisiyeni lidutse. Kudumphira kutsogolo kwa mnzanu kuti mukayambe ndinu pa lock ndi khalidwe limene anthu saliiwala.

Malire a liwiro m'ngalande zambiri ndi mamailosi 4 pa ola, makilomita 6 ndi pang'ono, koma nthawi zambiri muziyenda mocheperapo. Muzicheuka. Mukaona mafunde anu akusweka m'mphepete, mwathamanga. Ngalande nzosaya, ndipo zambiri pansi pake anamata dongo kuti madzi asathawe. Mafunde amagumula m'mphepete ndi kuononga zisa za mbalame. M'madzi osaya, kuwonjezera moto sikufulumizanso: kumbuyo kwa boti kumangotsikira pansi, dizilo n'kumangotha.

Podutsa maboti okocheza, chepetsani moto mukadali patali, kutalika kwa maboti awiri kapena atatu musanafike, mpaka injini izingogunda pang'onopang'ono. Kuchepetsa mutafika kale pambali pawo n'kopanda ntchito. Boti loyenda limakankha madzi kutsogolo ndi kuwakoka m'mbali, ndiye lokochezalo limakokeka uku ndi uku, zingwe zimalira, zikhomo zimazuka m'dothi, ndipo m'katimo mwina muli munthu amene wanyamula ketulo ya madzi owira kapena wokalamba akutsika masitepe. Olembedwa ntchito ndi amene amayesedwa kwambiri apa chifukwa ali ndi nthawi yoti akafike. Ndondomeko ya ulendo ikamakukakamizani kuthamanga pa maboti okocheza, yolakwika ndi ndondomekoyo, ndipo mukauze akuluakulu aikonze. Dzina la bungwe lanu linalembedwa m'mbali mwa boti ndi zilembo zikuluzikulu, aliyense akuliwerenga.

Pamsewu ku Britain amayenda kumanzere monga kwathu, koma pamadzi, mukakumana ndi boti lina, aliyense amapita kumanja kwake. Musathawire m'mphepete msanga, chifukwa kumeneko n'kosaya ndipo mutitimira m'matope. Khalani pakati, chepetsani moto, mukayandikana patukani pang'ono, mudutsane, mubwerere pakati. Boti lodzaza malasha kapena lokoka linzake limafuna madzi akuya, lipatseni pakati. Pa mlatho pamadutsa boti limodzi, ndipo woyamba ndi amene ali pafupi nawo. Mukakayika, imani ndinu, mukodole mnzanuyo ndi dzanja looneka bwino. Pa mtsinje, amene akutsika ndi madzi ndiye woyamba, popeza iye kuima kumamuvuta.

Pa kona yosaoneka kutsogolo lizani hutala kamodzi motalika. Kamodzi mwachidule ndiye kuti ndikukhotera kumanja, kawiri kumanzere, katatu injini ndaika pa rivesi. Ambiri obwereka maboti sazidziwa zimenezi, choncho musadalire hutala yokha. Kupitirira boti lina kumafuna chilolezo cha amene ali patsogolo. Ndipo inu mukaona wina watsekereka kumbuyo kwanu, pezani malo owongoka, chepetsani moto, mumukodole adutse. Owedza muwadutse pang'onopang'ono muli pakati pa ngalande. Opalasa timabwato muwasamale kuposa onse. Boti lokokedwa ndi hatchi, monga a ku Llangollen, mulidutse mbali yotalikira kanjira ka m'mphepete kuti musakodwe m'chingwe chake.

Pa lock

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ngozi zazikulu ndi mikangano yambiri zimachitikira pano.

Lock ndi chipinda cha njerwa kapena miyala chokhala ndi zitseko kumtunda ndi kumunsi, chimene chimakweza kapena kutsitsa boti podzaza kapena pokhuthula madzi. Madzi amalowa ndi kutuluka potsegula tizitseko tating'ono totchedwa paddle, ndipo timakwezedwa popukusa ndi chitsulo chokhota chotchedwa windlass. Ma paddle ena ali pansi m'mbali mwa khoma, ena ali pa zitseko zenizenizo. Ma lock opapatiza, amene muyeso wake unayambira pa ngalande za injiniya James Brindley, amalowa boti limodzi. Otakasuka, monga a pa Grand Union, Kennet and Avon ndi Leeds and Liverpool, amalowa awiri mogundizana. Canal & River Trust ili ndi ma lock oposa 1,500, ndipo malo ena andandalikana: 30 ku Tardebigge, 29 ku Caen Hill pafupi ndi Devizes, 21 ku Hatton.

Madzi onsewa amachokera m'madamu ndi m'mitsinje ya kumtunda. Lock yopapatiza ikakhuthulidwa kamodzi, malita pafupifupi 100,000 atsika ndipo sabwereranso. M'chilimwe cha 2022 mvula itasowa, zigawo zina za ngalande kumpoto kwa England zinatsekedwa. Malamulo aulemu a pa lock gwero lake ndi limeneli.

Tiyambe ndi kukwera. Tsitsani anzanu pa malo oimikapo pafupi ndi lock, boti litaima, potsika pakhale kuponda osati kudumpha. Wopita ku lock ayambe wayang'ana kutsidya. Ngati lock ndi yodzaza ndipo kumtunda kukubwera boti, madziwo ndi awo: atsegulireni, atsike, inu mulowe pambuyo pawo. Kukhuthula lock pamaso pa boti limene likubwera ndi kutaya madzi onse aja pachabe, ndipo ndi mwano waukulu kuposa wina uliwonse pa ngalande. Ngati kulibe boti, onetsetsani kuti zitseko ndi ma paddle a kumtunda n'zotseka, kenako tsegulani a kumunsi.

Pa chopukusira chilichonse pali kachitsulo kogwira mano a giya kuti paddle isagwe. Kaikeni m'malo mwake musanayambe kupukusa. Mukamapukusa kazilira kuti ke-ke-ke pa dzino lililonse. Mukamaliza, chotsani windlass muigwire m'manja. Mukaisiya pomwepo kachitsulo kaja n'kupulumuka, paddle imagwa, windlass imazungulira mwaliwiro n'kuuluka, ndipo imathyola mano kapena chibwano cha amene waima pafupi. Potseka, gwirani kulemera kwake ndi windlass, tukulani kachitsuloko, tsitsani pang'onopang'ono. Kuisiya kuti igwe yokha kumathyola zitsulo zimene zina n'zakale kwambiri. Tsitsi lalitali, mpango ndi zala zikhale kutali ndi mano.

Chitseko sichitseguka madzi asanafanane mbali zonse, ngakhale kusiyana kwake kukhale kochepa. Musalimbane nacho, ndipo musachikankhe ndi boti. Madzi akafanana, tsamirani msana pa mtanda wake, mukankhe ndi miyendo, mapazi akuponda njerwa zotukuka zimene anaziika pansi chifukwa cha ntchito imeneyi. Boti lilowe pang'onopang'ono, zotchinga za m'mbali zitakwezedwa ngati lock ndi yopapatiza, chifukwa zimapanikizika pakati pa boti ndi khoma. Tsekani zitseko za kumunsi, tsitsani ma paddle ake.

Tsopano imani, muyang'ane woyendetsa. Musagwire paddle ya kumtunda asanakupatseni chizindikiro. Akakweza chala, yambani ndi ma paddle a pansi, theka lokha, muone mmene boti likuchitira. Madzi akamalowa, boti limayamba labwerera m'mbuyo, kenako limakokedwa mwamphamvu kupita kutsogolo, ndipo mukatsegula zonse nthawi imodzi, woyendetsa sangaligwire ngakhale ndi rivesi. Ma paddle a pa chitseko adikire mpaka madzi atawaphimba, apo ayi amalavula madzi m'kati mwa mutu wa boti. Zitseko za kutsogolo kwa boti zikhale zotseka. Mukakhala nokha mu lock yotakasuka, kolowekani chingwe pa chikhomo cha pamtunda muchigwire m'manja, ndipo kawirikawiri kuyamba ndi paddle ya mbali imene kuli boti kumalithandiza kukhala kukhoma. Madzi akadzaza, tsegulani, tsitsani ma paddle, boti lituluke, mutseke zitseko, pokhapokha ngati boti lina likubwera kudzalowa.

Kutsika kumaoneka kofatsa koma ndi kumene kumamiza maboti. Pansi pa zitseko za kumtunda pali sitepe yaikulu ya mwala kapena konkire yotchedwa cill, imene imabisika lock ikadzaza ndipo imatulukira madzi akamatsika, yobiriwira ndi ndere, madzi akuchucha. Pamwamba pa khoma anajambula mzere woyera wosonyeza pamene yalekezera. Kumbuyo kwa boti kukhale kutsogolo kwa mzere umenewo nthawi yonse. Tsigiro likakhala pa sitepeyo, kumbuyo kumatsala m'mwamba, mutu umaloza pansi, madzi n'kulowa, ndipo zonsezi zimatenga mphindi yochepa. Kutsogolo nakonso muonetsetse kuti mutu sunakodwe pa chitseko cha kumunsi. Chingwe musachimange mfundo potsika, boti lingalendewere, chizitsetsereka m'manja.

Mu Ogasiti 1998, boti lotchedwa Drum Major linamira mu lock ya Steg Neck pafupi ndi Gargrave, pa ngalande ya Leeds and Liverpool, litakodwa pa chitseko likutsika. Anthu anayi aulumali amene anali m'kati anamwalira. Aliyense wonyamula anthu osatha kudzithawitsa okha ayenera kuidziwa nkhani imeneyi. Pa boti lotere, munthu mmodzi atsale ndi okwera m'kati, ndipo amene ali pa paddle akhale pomwepo, windlass ili m'manja, maso ali pa boti, kuyambira potsegula mpaka madzi atafanana. Foni ikhale m'thumba. Odutsa m'njira amakonda kufunsa mafunso pa nthawi yomweyi. Ayankheni mwaulemu kuti mucheza nawo boti likatuluka. Mukaona boti likupendekeka kapena mbali imodzi yasiya kutsika, tsekani ma paddle onse nthawi yomweyo osadikira kuuzidwa. Zinthu zikaima, onani chakodwa, tulutsani anthu ngati n'kotheka, kenako bwezerani madzi pang'onopang'ono kudzera m'ma paddle a pansi a kumtunda mpaka boti litayandamanso.

Nanga pa lock wolamula ndani? Pa ma lock ambiri otanganidwa mupeza mavolontiya a Canal & River Trust. Ntchito yawo ndi kuthandiza, kulangiza ndi kusunga madzi, koma boti ndi anthu ake zili m'manja mwa woyendetsa. Ngati volontiyayo ndinu, yambani ndi moni ndi funso: "Bambo, ndikuthandizeni?" kapena "Mayi, ndiyambe kutsegula?" Ena amafuna kuchita okha, chifukwa n'zimene anabwerera, musakhumudwe. Ena maboti awo ndi akale, ena otsika kutsogolo, ndipo mwini wake ndiye akudziwa madzi amene angapirire. Chimodzimodzi gulu la boti lina limene likudikira: thandizani kukankha zitseko, koma paddle ya lock imene muli boti la eni musaigwire osapempha, ngakhale mukuchedwa. Inunso woyendetsa, volontiya akakuuzani kuti mudikire boti lina mulowe awiri, mverani, ndipo potuluka muthokoze. Munthuyo waima pamphepo tsiku lonse popanda malipiro.

Pali malo amene mawu a woyang'anira lock ndi lamulo. Pa ma lock olumikizana ngati masitepe, pomwe chitseko cha kumtunda cha imodzi ndi cha kumunsi cha inzake, kulakwitsa ndondomeko kumasefukiritsa madzi kapena kukhazika boti pansi pouma. Ku Bingley, pa masitepe 5 amene anatsegulidwa mu 1774, ndi ku Foxton, pa ma lock 10 ogawidwa pawiri, kaonaneni kaye ndi woyang'anira musanagwire kanthu. Ku Foxton ma paddle anapakidwa utoto, ndipo ofiira ndi amene amayamba, oyera pambuyo. Pa ma lock a pa mitsinje ikuluikulu ndi olowera kumadzi a mafunde a m'nyanja, chitani zimene wakuuzani.

Pa mndandanda wa ma lock, musakhuthule ya kutsogolo msanga madzi a kumtunda asanatsike, ndipo musasiye paddle yotsegula kumbuyo kwanu. Paddle imodzi yoiwalika usiku imaumitsa chigawo chonse, m'mawa anthu n'kupeza maboti atakhala pamatope.

Mphanga ndi milatho yotsegula

Musanalowe m'mphanga yoboola phiri, werengani chikwangwani, yatsani nyali ya kutsogolo, zimitsani moto wa gasi, onse akhale m'kati mwa boti, woyendetsa atavala jekete. Ya Blisworth maboti awiri opapatiza amadutsana m'kati, choncho chepetsani moto mukhale kumanja, nyali yanu isathobwe mnzanu m'maso. Ya Harecastle, pa Trent and Mersey, amalowa mbali imodzi pa nthawi ndipo pali oyang'anira. Denga lake limatsika kwambiri cha pakati. Ya Standedge, yoposa makilomita 5, yaitali kuposa mphanga zonse za ngalande ku Britain, imafuna kulembetseratu.

Mlatho wotukula kapena wozungulitsa muutsegule wonse boti lisanafike, ndipo mukadutsa muubwezere. Ngati pali msewu, musasunge magalimoto nthawi yaitali podikira boti limene lili kutali.

Kukocheza

Kochezani mbali ya kanjira ka m'mphepete. Yandikirani mopendekera pang'ono, mwapang'onopang'ono, mutu ukatsala pang'ono kugunda kankhirani mkono wa tsigiro mbali ya m'mphepete kuti kumbuyo kubwere, imikani ndi rivesi, mutsike ndi chingwe cha pakati. Mangani cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, chilichonse chopendekera kunja kwa boti, pa mphete ngati zilipo, apo ayi pa zikhomo zokhomera m'dothi. Chingwe cha pakati chimachokera padenga, ndiye musachisiye chomanga zolimba, chimapendeketsa boti wina akamadutsa. Chingwe chisadutse m'kanjira, ndipo pa chikhomo ikanipo chinthu chowala kuti oyenda usiku ndi apanjinga asapunthwe. Pa mtsinje, mutu uloze kumene madzi akuchokera, zingwe zikhale ndi mpata poti madzi amakwera ndi kutsika.

Malo oimikapo pa lock, pa mpopi wa madzi, potembenuzira maboti, pa kona ndi pafupi ndi mlatho si pogona kapena podyera nkhomaliro. Mukadzaza thanki, sunthani. Pamalo a alendo yandikirani boti linzanu osasiya mipata yoti wina sangakwanemo. Kuyambira 8 koloko usiku mpaka 8 koloko m'mawa injini ndi jenereta zikhale zozima. Za m'chimbudzi zili ndi malo ake otayira, sizipita m'ngalande.

Zikavuta

Munthu akagwera m'madzi, choyamba chotsani giya kuti pulopela iime, ndipo musabwerere kwa iye ndi rivesi. Ngati ndi mu lock, tsekani ma paddle onse. Mponyereni chingwe kapena choyandamitsa, wina asamuchotse maso, ndipo musadumphiremo. Malo ambiri m'ngalande munthu wamkulu atha kuimirira, muuzeni ayese. Madzi a ku Britain ndi ozizira ngakhale m'chilimwe, amabanikitsa munthu m'mphindi zoyamba. Akatuluka asambe, asinthe zovala, ndipo akayamba kumva ngati chimfine m'masabata otsatira akauze dokotala kuti anagwera m'ngalande, chifukwa m'madzimo mumatha kukhala tizilombo ta leptospirosis tochokera mu mkodzo wa makoswe. Nambala ya ngozi ndi 999, ndipo milatho yambiri ili ndi nambala kapena dzina zimene zimathandiza kunena pamene muli.

Mukagunda boti la wina, ngakhale pang'ono, pepesani pomwepo, ndipo ngati pawonongeka kanthu imani mupatsane ma adiresi. Akakukalipirani, musabweze pamaso pa okwera.

Mnzanu wa m'gulu akalakwitsa zosaopsa moyo, dikirani mukocheze, mumutengere pambali. Zoopsa zokha ndi zimene mumakuwa nthawi yomweyo, ndipo mukuwe chochita, monga "Tsekani paddle!", osati kumunyoza. Akatswiri, wophunzira mumusiyire tsigiro pa malo ovuta inu mutaima pafupi; mukamamulanda pa mlatho uliwonse sadzaphunzira. Odzipereka, mukapatsidwa ntchito imene simunaiphunzire, nenani poyera kuti simunaichitepo. Mukalonjeza kubwera Loweruka, bwerani, chifukwa gulu likaperewera ulendo wa okalamba aja umalephereka.

Pomaliza ulendo, okwera atatsika ndi kuwerengedwa, pukusani kachitini ka girizi ka pa shafiti ya pulopela mpaka kalimbe, tsekani gasi, kulungani zingwe, bwezerani ma windlass ndi makiyi pamalo pake. M'buku la boti lembani maola a injini, dizilo wotsala, ndi chilichonse chachilendo: phokoso latsopano, giya yochedwa kulowa, pamene munakhula khoma, ngakhale ngozi imene inatsala pang'ono kuchitika. Gulu la mawa limadalira bukulo. Paddle yothyoka, chitseko chodontha kwambiri kapena mtengo wogwera m'madzi, auzeni a Canal & River Trust tsiku lomwelo, mutchule dzina la ngalande ndi nambala ya lock kapena mlatho wapafupi.